KAMERA YA MASO AWIRI YOCOKERA KU BRAUNSCHWEIG

Abale anzanga a m'migodi, ambiri a inu muli naco cithunzi ca atate anu kapena ca agogo anu pansi pa sutikesi, cimene anajambulitsa atabvala suti ndi cipewa kuti abale a ku Dedza, ku Zomba kaya ku Tete aone kuti munthu ali moyo ndithu. Ine pa nchito yanga ya ukalaliki kuno ku Lalapanzi ndimaziona zithunzi zotere anthu akamatulutsa mapepala ao. Taciyang'anani bwino canuco. Ngati mbali zace zonse zinai ziri zolingana, kawirikawiri cinaturuka m'kamera ya filimu yaikuru ya nambala 120, ndipo mfumu ya makamera otere inali Rolleiflex.

Eni ace anali Ajeremani awiri, Paul Franke ndi Reinhold Heidecke, amene poyamba anagwira nchito kwa Voigtländer mu mzinda wa Braunschweig. M'caka ca 1920 anatsegula fakitale yaoyao momwemo. Heidecke ndiye anali mmisiri, Franke anali wa malonda ndi ndalama. Rolleiflex inayamba kugulidwa mu 1929, ndipo mu 1933 anaturutsa mng'ono wace wa mtengo wocepa, dzina lace Rolleicord.

Kapangidwe kace nkotere. Ndi kabokosi koimirira kokhala ndi magalasi awiri kutsogolo, lina pamwamba lina pansi. Lapansi ndilo limajambula. Lapamwamba ndi loonera cabe: m'kati muli kalirole amene amaponya cithunzi pa galasi la padenga pa bokosilo. Motero wojambula saika kamera pa diso ai. Amaigwira pamimba, nawerama kuyang'ana pansi monga mkamwini polankhula ndi apongozi. Ine ndiyesa ici ndico cifukwa cace akuluakulu aja amaoneka ngati mafumu m'zithunzi zao. Kamera iri m'munsi, munthu amaoneka wamtali, ndiponso sacita manyazi pakuti palibe womuyang'ana m'maso. Cobvuta cace ncakuti pa galasipo dzanja lamanja limaoneka kumanzere, kotero wophunzira amayamba wasocera.

Filimu imodzi imatenga zithunzi 12 zokha, ciriconse masentimita 6 uku ndi uku. Negetivi yotere iposa katatu kukula kwa negetivi ya filimu yaing'ono ya 35 mm, ndipo mungathe kuwerenga mabatani a jekete. Wojambula sanali kuseweretsa filimu: mukaphethira, mwalipira ndithu. Ku Bamako m'dziko la Mali, Malick Sidibé anajambula anyamata ndi atsikana ambirimbiri ndi Rolleiflex, ndipo mu 2007 analandira mphoto yaikuru ku Venice cifukwa ca nchitoyo.

Pano ndipatuke pang'ono. Zitsulo zonyezimira za pa makamera a nthawi imeneyo zinali zokutidwa ndi chrome, mtundu womwewo wa mwala umene tikumba muno m'Great Dyke. Mwala umatidetsa m'manja kuno, kwina nkumawala m'sitolo.

Mabomba a nkhondo yaciwiri anaononga fakitale mu 1944, koma anaimanganso, ndipo pofika 1956 anali atapanga makamera 1,000,000. Pamenepo ndipo panayambira tsoka. Franke anali atamwalira mu 1950, Heidecke anamtsata mu 1960, ndipo a ku Japan anali ataphunzira kupanga kamera yonga yomweyo pa mtengo wocepa kwambiri, monga Yashica-Mat ya mu 1957. Olemera anathamangira kwa Hasselblad wa ku Sweden, atolankhani kwa Nikon F ya mu 1959, imene inali kutenga zithunzi 36 pa filimu imodzi. A Rollei anacedwa kusintha. Kunena zoona, anakhulupirira dzina lao kopambana. Anayesa kakamera kakang'ono, Rollei 35, mu 1966, natsegulanso fakitale yaikuru ku Singapore kumene malipiro a anchito anali ocepa, koma makamera anacuruka kuposa ogula. Mu 1981 kampani inagwa ndi ngongole, ndipo anchito ambiri anacotsedwa, monga timaonera ife mtengo wa chrome ukatsika. Ena anaitola, inagwanso mu 2009, ndipo mu 2015 makina a fakitale ya ku Braunschweig anagulitsidwa pa okushoni.

Filimu ya 120, imene Kodak anaiyamba mu 1901, ikali kupangidwa. Ngati pamodzi ndi cithunzi ca agogo mwapeza negetivi yace, musaitaye poyesa ncinthu cakuda copanda nchito, pakuti m'menemo mungaturuke zithunzi zatsopano. Igwireni m'mphepete, muiike m'envulopu pouma, kutali ndi dzuwa ndi utsi wa moto. Ndipo kuseri kwa cithunzico lembani ndi pensulo, osati inki, dzina la munthuyo, mfunda wace, mudzi, mfumu ndi boma lace, akali moyo amene amadziwa. Ana athu obadwira ku Gweru, ku Shurugwi ndi ku Mvuma ambiri sanapondeko kumudziko.