ZA KULEMBA ANTCHITO NDI KUKHALA NAWO



Chiyambire chaka cha 1975, pamene mzinda wa Lilongwe udasanduka likulu la dziko, ana athu sadaleke kupita kumeneko. Lero ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 25 alipo ambiri amene ali ndi kasitolo, chigayo, kapena nyumba yosokeramo zovala. Ku Biwi kuli amisiri okonza magalimoto. Tikacheza nawo, dandaulo lawo nlimodzi: antchito sakhalitsa. Mlandu umenewu utikhudza ndithu ife a kumudzi, pakuti wolemba ntchito ndi wolembedwayo onse awiri atuluka m'nyumba zathu.

Kodi wantchito wabwino apezeka bwanji? Safunsa adadya phula. Musalembe munthu chifukwa wakulirirani pakhomo. Yambani mwafunsa kumene adagwirako kale, funsaninso anansi ake ndi akulu a mpingo wake za makhalidwe ake. Mukafuna mmisiri, kumbukirani kuti ku Area 23 kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco, kumene anyamata ndi atsikana aphunzira luso. Koma kalata ya sukulu yokha siikwanira: mpatseni thabwa kapena nsalu, muone manja ake.

Tsono tinene za msampha umene ugwira ambiri. Mwini sitolo aganiza kuti mlendo adzamubera, ndipo atuma mawu kumudzi kuti mphwake abwere. Mwanayo afika, agona pakhonde, adzuka mbandakucha, atseka sitolo usiku. Mwezi utha, malipiro palibe, ati popeza akudya nsima ya pakhomo. Miyezi itatu itha, mwana ayamba kutapa m'kabati, kapena athawira ku Mgona kukafuna ganyu ku mafakitale a ku Kanengo, makamaka nyengo ya fodya. Pamenepo sitolo yagwa, chibale chasweka, ndipo amalume ndi alongo awo sapatsananso moni pamaliro. Inde, chibale ndi fupa, sichiola; koma mbale wogwira ntchito ndi wantchito ndithu, ayenera malipiro ake monga wina aliyense.

Boma lidaika malamulo pa zimenezi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 liletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14. Linena kuti ntchito ya masiku onse isapitirire maola 48 pa mlungu. Maola oonjezera ali ndi malipiro akeake. Wogwira masiku 6 pa mlungu apumule masiku 18 pa chaka, akulandirabe ndalama zake. Mayi woyembekezera apatsidwe milungu 8 ya uchembere. Munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanamveredwe mbali yake. Wolakwiridwa atha kukadandaula ku ofesi ya zantchito kapena ku bwalo loweruza milandu ya ntchito. Boma lilengezanso malipiro ochepetsetsa, ndipo wolemba ntchito afunse ku ofesiko kuti adziwe mtengo wa chaka chimenecho. Eklezia adanena zomwezo kalekale: m'chaka cha 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti malipiro akwanire kusunga moyo wa wantchito, ngakhale iye atavomera ochepa chifukwa cha njala.

Nanga mukampeza wabwino, mudzamsunga ndi chiyani? Choyamba, pangano lilembedwe pa pepala tsiku loyamba: ntchito yake, maola ake, ndalama zake ndi tsiku lolandira. Chachiwiri, tsiku limenelo lisalumphe. Wantchito wanu ali ndi lendi, ndipo mwini nyumba sadikira. Malipiro ochedwa athamangitsa anthu koposa malipiro ochepa. Chachitatu, werengani katundu pamodzi naye Loweruka lililonse, kuti wokhulupirika asanamiziridwe ndipo wofooka asayesedwe. Chachinayi, akalakwa mdzudzuleni pambali, osati pamaso pa ogula. Chachisanu, mphunzitseni luso lanu lonse osabisa. Ena aopa kuti akadziwa adzachoka. Kapena adzachokadi patapita zaka. Koma adzachoka akukuyamikani, ndipo mbiri yanu idzakuitanirani ena abwino. Kupatsa nkuika.

Ndipo inu makolo, mwana wanu asanakwere basi ya ku Lilongwe, khalani pansi ndi womuitanayo, pakhale mboni, mufunse poyera: adzagona kuti, adzalandira zingati, adzapumula liti, adzapeza nthawi yopita ku tchalitchi kodi? Musachite manyazi chifukwa ndi mlamu wanu. Mwanayonso mumlangize kuti ndalama za m'kabati si zake, ngakhale tambala imodzi, ndi kuti pochoka atsazike bwino. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Yosefe Woyera, mmisiri wa matabwa, amene chikondwerero chake tichita pa 1 May, tsiku la antchito, asunge onse awiri, wolemba ndi wolembedwa.