PHADA ALOWE M'SUKULU ZA KWA MBENJE

Inu makolo ndi aphunzitsi a kwa Mfumu Mbenje m'boma la Nsanje, tamverani. Mudziwa nonse kuti m'miyezi ya October ndi November dzuwa la kuchigwa kuno liwotcha koopsa, ndipo masiku ena kutentha kupyola madigiri 40. Mwana wothamangira mpira masana otere abwerera m'kalasi ali wolefuka, mutu ukuwawa. Ndiponso mpira ufuna ndalama, pamene chiyambire maphunziro aulere m'chaka cha 1994 ana m'sukulu za pulayimale anachuluka ndithu. Nanga pa nthawi yopuma asewere chiyani?

Ku Spain, dziko la ku Ulaya, kuli sewero lakale la atsikana lotchedwa tabas. Taba ndi kafupa ka pa mfundo ya mwendo wam'mbuyo wa nkhosa. Nkhosa imodzi ili nato tiwiri tokha, kotero atsikana ankatisunga ngati chuma, ena nkumatipaka utoto. Kaseweredwe kache nkotere: mwana amwaza timafupa pansi, naponya kampira m'mwamba, ndipo kasanagwe atembenuza kapena kutola kafupa kamodzi, nawakha kampirako ndi dzanja lomwelo. Agiriki ndi Aroma akale ankasewera ndi timafupa totere, ndipo pa chithunzi cha masewera a ana chimene Pieter Bruegel anajambula m'chaka cha 1560 paoneka atsikana awiri akusewera nato. Lero timafupato tipangidwanso ndi pulasitiki, ndipo aphunzitsi ena a ku Spain aphunzitsa seweroli pa nthawi ya masewera olimbitsa thupi kuti lisaiwalike.

Amayi, kodi simunalizindikire? Ameneyu ndi mbale wache wa phada wathu! Ife tikumba kadzenje nkuikamo timiyala. Mwana aponya mwala m'mwamba, akoka timiyala m'kadzenje, nawakha. Aponyanso, nabweza tonse kusiya kamodzi, ndiko kache. Akagwetsa mwala, mpata ndi wa mnzache. Ku Zimbabwe ati nhodo, ku Zambia chiyato, ndipo ku South Africa, kumene ati diketo, achita nalo mipikisano ya dziko lonse. Koma kuno alipo makolo amene akaona mtsikana ali pa phada amkalipira kuti ndi ulesi. Ife sitivomereza. Diso, dzanja ndi mutu zonse zili pa ntchito pamenepo, ndipo mwana wa Sitandade 1 wodziwa kusiya kamodzi pa timiyala 10 wayamba kale samu yochotsera.

Tsono aphunzitsi, yesani motere. Gawani ana anayi anayi pa mthunzi wa mtengo, anyamata omwe, ngakhale poyamba adzachita manyazi. Pabwalo louma gwa musavutike kukumba, lembani kamzere kozungulira ndi makala. Ang'ono ayambe ndi timiyala 5, akulu 12, ndipo wosewera awerenge mokweza zimene watenga ndi zotsala, anzache namtsutsa akalakwa. Akatha ulendo woyamba, asiye tiwiri tiwiri, kenaka titatu titatu. Mwala woponya ukhale waung'ono ndi wosalala, kuopa maso a anzache.

Kumene miyala isowa, njere za masawu kapena za malambe zikwanira. Ndipo inu abambo, tsiku lopha mbuzi musaponyere agalu timafupa tiwiri ta m'miyendo yam'mbuyo tija. Tiphikeni, muchotse mnofu wonse, mutiyanike padzuwa, mwana apite nato kwa aphunzitsi ache.