Mlandu wa Mkaka wa M'chitini

Mwezi uno tikambe za mlandu umene unasautsa mayiko ambiri: kodi nkoyenera kuti boma lilowerere pa malonda a chakudya, ndi kuikira mwini katundu malire a mawu otamira katundu wake, kapena lingomleka agulitse monga afuna? Mlanduwu unakula chifukwa cha mkaka wa makanda wa m'chitini.

M'chaka cha 1939, dokotala wamkazi dzina lake Cicely Williams, amene anagwirapo ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero tilitcha Ghana, anaimirira pamaso pa anthu olemera a ku Singapore, nawauza kuti makanda alikufa chifukwa amayi awo anyengedwa kusiya bere ndi kugula mkaka wa m'sitolo. Owerengeka okha ndiwo anasamala mawu ake. Malondawo anakulirakulira mu Africa, mu Asia ndi ku South America. Pa zikwangwani panali zithunzi za ana onenepa, pa wailesi panali nyimbo, ndipo m'zipatala zina munkayenda akazi ovala ngati anamwino, koma ali antchito a kampani, akugawira amayi ongochira kumene zitini zaulere.

Taonani tsono m'mene msamphawo unkagwirira. Mwana akaleka kuyamwa masiku angapo, bere limayamba kuuma, pakuti mkaka umabwera monga momwe mwana ayamwira. Chitini chaulere chija chikatha, mayi alibenso kothawira koma ku sitolo. Mtengo wake ndi woposa thumba la munthu wosauka, chotero iye achepetsa ufa, nachulukitsa madzi, kuti chitini chikhalitse. Madziwo ndi a pachitsime kapena kumtsinje, nkhuni zowiritsira botolo nthawi zonse nzosowa, ndipo malangizo alembedwa m'chinenero chimene iye sachiwerenga. Mwana atsekula m'mimba, aonda, ndipo ambiri anatsikira kuli chete asanakwane chaka.

Mu 1974 bungwe la War on Want la ku London linasindikiza kabuku koulula zimenezi. Anthu ena a ku Bern, m'dziko la Switzerland, anakamasulira m'Chijeremani ndi kukapatsa mutu wonena kuti Nestlé ipha makanda. Kampaniyo inawasumira, ndipo mu 1976 inapambana pa mutuwo. Koma woweruza anawalipiritsa ndalama zochepa, mafranki 300 munthu aliyense, nachenjeza kampani kuti isinthe katsatsidwe kake. Chaka chomwecho masisitere a Magazi Oyera a ku Ohio, amene anali ndi gawo m'kampani ya Bristol-Myers, anaitengera kubwalo pa nkhani yomweyi. Mu 1977 anthu a ku Minneapolis anayamba kukana kugula katundu aliyense wa Nestlé, ndipo mayiko ena anatsatira.

Potsiriza, mu May 1981, nthumwi za bungwe la za umoyo la mayiko onse zinasonkhana ku Geneva ndi kuvomereza malamulo: mkaka wotere usatsatsidwe kwa anthu, amayi asapatsidwe zitini zaulere, pa chitini pasakhale chithunzi cha khanda, ndipo palembedwe poyera kuti kuyamwitsa ndiko kopambana. Mayiko 118 anavomera, atatu anangokhala chete, ndipo limodzi lokha, United States, linakana. Boma la Ronald Reagan linati malamulowo alikulanda amalonda ufulu wa kulankhula ndi wa kugulitsa.

Mawu a otsutsawo tisawapeputse. Iwo amati mayi ndi munthu wamkulu wodziwa kusankha, ndi kuti boma likayamba kutseka pakamwa amalonda lero, mawa lidzalamulira ndi mtengo wa tomato pamsika. Ndipo nzoona kuti mkaka wa m'chitini wapulumutsa ana amasiye ndi ana a amayi odwala. Tonse tidziwa banja limene unalithandiza. Koma ife tiona kuti ufulu wa pamsika uyenda bwino pamene wogula adziwa chimene agula, ndipo angathe kuchileka chikamuipira. Wogula nsomba yoola sabwereranso kwa mwini wake. Mayi amene bere lake lauma sangachite chotero, ndipo mwini kudya chakudyacho, khanda lija, alibe mawu konse. Tizindikirenso kuti a ku Geneva sanaletse kugulitsa mkakawo, kapena kuuikira mtengo. Analetsa kukopa kokha.

Malamulowo anali uphungu chabe, ndipo dziko lililonse linayenera kuwalowetsa lokha m'malamulo ake. Ena anatero mwamphamvu, ena pang'ono, ena ayi. Mu 1984 Nestlé italonjeza kuwatsata, okana kugula aja analeka. Koma mu 1988 anayambanso, ponena kuti zitini zaulere zinali kulowabe m'zipatala.