Mwana Wosamva ndi Omulangiza: Mwambo ndi Lamulo ku Chigwa cha Mua

M'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, mnyamata amene wathawa sukulu, wayamba kusuta chamba ndi kumwa kachasu, kapena amene amayankha makolo ake mwamwano, amatchedwa wopanda mwambo, ndipo funso loyamba limene akuluakulu amafunsa ndi lakuti malume ake ali kuti. Pakati pa Achewa, amene fuko lawo limatsata kuchikazi, malume ndiye mwini mbumba, ndiko kunena mlongo wa mayi amene amayang'anira ana a alongo ake, kuwadzudzula akalakwa ndi kuwayankhira mlandu pabwalo la mfumu. Pambali pake pali anamkungwi, amene amatsogolera chinamwali, ndi phungu, munthu wokhwima maganizo amene amaperekeza namwali aliyense payekha ndi kupitiriza kumulangiza ngakhale chinamwali chitatha.

Chofunika kwambiri m'dongosolo limeneli, chimene mabungwe othandiza achinyamata amachiphonya kawirikawiri, ndi chakuti mwana wovuta sanali kuchotsedwa pakati pa anthu ake, koma ankamuwonjezera omuyang'anira. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse, amagwira ntchito yomweyo pabwalo, pakuti zilombo zambiri zimavina khalidwe loipa, monga uchidakwa, ulesi, chiwerewere ndi umbava, kotero kuti woonerera amaseka chinthu chimene akudziwa kuti chili m'nyumba mwake, ndipo wolakwa amadzudzulidwa popanda kutchulidwa dzina. Ku Mua Mishoni, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902, Bambo Claude Boucher Chisale a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo kwa zaka zambiri anasonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi nyimbo ndi matanthauzo ake, zimene zikusungidwa m'nyumba ya Chamare. Malo omwewo aphunzitsa anthu a m'deralo luso losema ndi kujambula, ndipo ngakhale kuti sanakhazikitsidwe monga malo osinthira khalidwe, n'zodziwikiratu kuti mnyamata amene watsala tsiku lonse pambali pa mmisiri, sompho ali m'manja, wapeza wamkulu womumvera komanso njira yopezera ndalama.

Lamulo la dziko nalo linabwerera ku nzeru yomweyi. Malamulo amati mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu, ndipo lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la m'chaka cha 2010 limalola kuti mwana wamkulupo amene wapalamula mlandu wochepa apatutsidwe, kutanthauza kuti m'malo mozengedwa mlandu kukhoti, apepese kwa wolakwiridwa, abweze chimene anawononga, abwerere kusukulu kapena ayang'aniridwe ndi munthu wodalirika. Malo osinthira khalidwe la ana, a Chilwa ku Zomba ndi a Mpemba ku Blantyre, ali kutali ndi Mua, ndipo mwana wotumizidwa kumeneko amatalikirana ndi abale amene akanamuwongola. Kupatutsako kumafuna munthu wa m'mudzi woti asenze udindo tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo, kaya lamulo limutchule kapena ayi, nthawi zambiri amakhala malume, agogo kapena nyakwawa, chifukwa alangizi a boma a za chisamaliro cha anthu ndi ochepa poyerekeza ndi midzi imene ayenera kuyendera.

Komabe mwambo suyenera kuyamikiridwa mwachimbulimbuli. Kale mnyamata wamwano ankatengeredwa kudambwe kuti akakhaulitsidwe, ndipo chikwapu chinkatengedwa ngati mankhwala, pamene mwana wina amavuta chifukwa cha njala, umasiye, nkhanza za pakhomo, kapena chifukwa chakuti samva bwino m'makutu ndipo amayesedwa wonyozera, vuto limene aphunzitsi a sukulu ya ana osamva ya ku Mua amalidziwa bwino. Mtsikana wovuta naye ankangomupezera mwamuna. Pa mfundo imeneyi, Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Mtakataka, amene analowa ufumu m'chaka cha 2003, anasonyeza kuti mphamvu za ufumu zikhoza kukonza mwambo kuchokera m'kati mwake, pakuti anathetsa maukwati a ana mazanamazana, anabwezera anawo kusukulu, ndipo anaimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankalolera maukwatiwo, pogwira ntchito ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa m'chaka cha 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa ngati mwana, zimene zinapatsa mafumu otere poimira pamene makolo akukana.

Vuto lotsala ndi lakuti malume ambiri masiku ano ali ku Lilongwe kapena ku Joni kofuna maganyu, ndipo udindo wolangiza wagwera agogo aakazi, amene mnyamata wa zaka 15 sawaopa monga momwe akanaopera mwini mbumba.