Mphatso za agalu pa Khrisimasi: katemera ndi chisamaliro zimaposa makombo a paphwando

Pamene mabanja ambiri m'dziko muno akukonzekera zikondwerero za Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano, akatswiri a zaumoyo wa ziweto amakumbutsa anthu oweta agalu kuti nyengoyi, ngakhale ndi yachisangalalo kwa anthu, ndi imodzi mwa nyengo zomwe agalu amadwala, kusochera ngakhalenso kufa kumene.

Chodetsa nkhawa n'chakuti zambiri mwa ngozizi zimachokera kwa eni ake a agaluwo, omwe pofuna kuti chiweto chawo chidyerere nawo, amachipatsa zakudya ndi zoseweretsa zomwe zimachipweteka.

Mwambo wogulira agalu mphatso pa Khrisimasi ndi wofala m'maiko monga Britain ndi America, komwe masitolo amadzaza ndi zidole, zovala komanso zakudya za agalu mwezi wa Disembala ukafika. Kuno ku Malawi agalu ambiri amawetedwa kuti azilondera pakhomo kapena kuthandiza pa uzimba, komabe m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu muli masitolo omwe amagulitsa katundu wa agalu, ndipo mabanja ena amagulira ziweto zawo kanthu pa nyengoyi.

Kaya galu ndi wa m'nyumba kapena wolondera panja, mfundo yake ndi imodzi: mphatso yabwino ndi yomwe ingateteze moyo wake komanso wa anthu omwe amakhala naye.

Pa chifukwa ichi, mphatso yoyamba kuiganizira ndi katemera wa chiwewe. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization (WHO), matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amatenga chiwewe akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, ndipo anayi mwa anthu khumi aliwonse omwalira ndi ana osakwana zaka 15.

Bungweli limati agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufala. Kuti izi n'zotheka zidaoneka m'chaka cha 2015 pomwe bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito.

Katemerayu ndi wofunika kwambiri pa nthawi ya zikondwerero kaamba koti pakhomo pamakhala alendo ambiri, kuphatikizapo ana omwe sadziwana ndi galuyo. Mwini galu akuyenera kuona chiphaso cha katemera, ndipo ngati nthawi yobayitsanso idakwana, apite ku ofesi ya za ziweto ya m'boma lake kapena kwa dotolo wa ziweto maofesi asadatsekere tchuthi.

Mphatso yachiwiri ndi mankhwala opha nkhupakupa, utitiri ndi njoka zam'mimba. Khrisimasi imafika mkati mwa dzinja, nthawi yomwe udzu umakula ndipo nkhupakupa zimachuluka. Tizilombo timeneti timafalitsa matenda omwe amatha magazi a galu, moti galu wamphamvu amayamba kufooka, kukana chakudya ndi kuyera nkhama.

Lamba wa m'khosi wokhala ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya foni ya mwini wake ndi mphatso ina yosaboola m'thumba koma yothandiza galu akasochera. Lambayo akhale woti zala ziwiri zitha kulowa pakati pa iye ndi khosi, ndipo kwa galu yemwe akukula, aziunikidwa pafupipafupi kuti asalowerere m'khungu. Waya ndi zingwe zopyapyala siziyenera kumangidwa m'khosi mwa galu chifukwa zimacheka.

Khola losadontha, lokwera pang'ono kuti madzi a mvula asalowe, bulangete lakale komanso mbale ziwiri zachitsulo, ya madzi ndi ya chakudya, ndi zinthu zomwe galu angapindule nazo chaka chonse.

Kwa omwe akufuna kugula zoseweretsa, chofunika kuyang'ana ndi kukula kwake ndi kulimba kwake. Mpira ukhale waukulu moti galu sangaumeze, ndipo ukhale wa labala wolimba. Zidole za ana zokhala ndi maso apulasitiki, mabatani kapena mabatire siziyenera kupatsidwa kwa galu chifukwa iye amasewera pong'amba ndi kumeza. Choseweretsa chikayamba kunyenyeka chiyenera kutayidwa.

Ngozi yayikulu koposa ili pa tebulo la phwando. Chokoleti, chomwe chimapezeka m'makomo ambiri pa Khrisimasi, chili ndi theobromine, mankhwala achilengedwe omwe thupi la munthu limawachotsa msanga koma la galu limachedwa nawo. Galu akadya chokoleti amasanza, amatsegula m'mimba, amanjenjemera ndipo mtima wake umathamanga. Chokoleti chakuda komanso ufa wa koko ndi zomwe zili zoopsa kwambiri, makamaka kwa agalu ang'onoang'ono.

Kafukufuku yemwe akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Liverpool ku Britain adatulutsa m'chaka cha 2017 adapeza kuti mwayi woti galu afike kwa dotolo atadya chokoleti umakwera kanayi pa nyengo ya Khrisimasi poyerekeza ndi nthawi zina za chaka.

Mphesa, zaziwisi ndi zouma zomwe, zitha kuononga impso za galu, ndipo mphesa zoumazi ndi zomwe zimathiridwa mu keke ya Khrisimasi. Palibe mlingo womwe ungatchedwe wabwino, popeza agalu ena amadwala ngakhale atadya zochepa chabe.

Anyezi ndi adyo, zophika ndi zosaphika zomwe, zimaphwanya maselo ofiira a magazi. Vutoli silionekera tsiku lomwelo, kotero mwini galu atha kudabwa patapita masiku angapo galu wake akufooka, osakumbukira za msuzi wodzaza anyezi womwe adamukhuthulira. Mtedza wa makadamiya, womwe umalimidwa m'maboma monga Thyolo, umafooketsa miyendo ya kumbuyo ya galu, pomwe xylitol, chotsekemeretsa chomwe chimapezeka mu chingamu ndi maswiti ena opanda shuga, chimatsitsa shuga wa m'magazi mwadzidzidzi komanso kuononga chiwindi.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti fupa lililonse ndi chakudya cha galu, koma mafupa ophika kapena owotcha, makamaka a nkhuku, amasweka n'kukhala ndi nsonga zomwe zimabaya kukhosi ndi matumbo. Mafuta ambiri a nyama ya nkhumba kapena ya mbuzi amatupitsa kapamba, matenda omwe ndi opweteka kwambiri. Zitsononkho za chimanga chowotcha sizigayika m'mimba mwa galu ndipo zikatseka matumbo, nthawi zambiri pamafunika opaleshoni. Timitengo tobayira kanyenya komanso majumbo omwe mudali nyama nazonso zimamezedwa chifukwa cha fungo.

Mowa wa mtundu uliwonse, kuphatikizapo masese otayidwa kuseri kwa nyumba, ndi poizoni kwa galu, choncho mchitidwe womwetsa galu mowa pofuna kuseketsa anthu paphwando ndi nkhanza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama la Protection of Animals Act lomwe limaletsa kuchitira nkhanza ziweto.

Ngati banja likufuna kuti galu alaweko za phwando, nyama yowiritsa yopanda mafupa, mchere wambiri, anyezi kapena zokometsera ndi yokwanira. Zakudya zapadera zotere zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya chake cha tsiku, ndipo alendo, makamaka ana, auzidwe kuti asamuponyere chilichonse. Zinyalala zitayidwe m'bini yotseka kapena m'dzenje lomwe galu sangafikeko.

Galu akaonetsa zizindikiro monga kusanza mobwereza, kuchucha dovu, kudzandira, kunjenjemera kapena kutupa mimba, atengeredwe kwa dotolo wa ziweto mwachangu, pamodzi ndi pepala kapena paketi ya chomwe wadyacho. Kumumwetsa madzi a mchere kuti asanze kumangoonjezera vuto, ndipo mankhwala opha ululu a anthu monga ibuprofen ndi paracetamol atha kumuvulaza kapena kumupha akaperekedwa popanda uphungu wa dotolo.

Vuto lina ndi phokoso. Galu amamva mawu omwe khutu la munthu silingamve, kotero makombola omwe amaphulitsidwa usiku wa pa 31 Disembala, pamodzi ndi ng'oma, zimkuzamawu ndi mabingu a mvula, zimamuchititsa mantha aakulu. Agalu ena amadula unyolo, kudumpha mpanda n'kuthawira pamsewu komwe amagundidwa ndi galimoto, pomwe ena amakoledwa ndi unyolo womwewo akamayesa kudumpha.

Njira yabwino ndi kumudyetsa ndi kumuyendetsa kusadade, kenako n'kumuika m'khola, m'galaja kapena m'chipinda chotseka bwino momwe muli madzi akumwa ndi pobisala. Wailesi yotsegulidwa motsitsa imathandiza kuchepetsa mphamvu ya phokoso lakunja. Galu yemwe wabisala asakokedwe kapena kumenyedwa, chifukwa galu wamantha amaluma ngakhale mbuye wake.

Ana aphunzitsidwe kusayandikira galu yemwe akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale likhale la tchuthi, popeza zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka matendawa sachizika. Nkhaniyo ikanenedwenso ku ofesi ya za ziweto, ndipo galu wolumayo, ngati n'kotheka, atsekeredwe ndi kuunikidwa kwa masiku khumi.

Kwa ogwira ntchito m'boma ndi ena omwe amapita kumudzi pa tchuthi, nkofunika kukonzeratu za yemwe azisamalira galu. Munthuyo akhale wodziwana ndi galuyo, asiyiridwe chakudya chokwanira masiku onse, nambala ya foni ya mwini nyumba komanso ya dotolo wa ziweto. Nyumba zopanda anthu zimakopa mbava, ndipo zina mwa izo zimaponya nyama yothira poizoni monga tameki, choncho mlonda azizungulira mpanda m'mawa ndi madzulo kuchotsa chakudya chilichonse chachilendo. Omwe akuyenda ndi galu pa galimoto asamusiye yekha mkati mawindo ali otseka, chifukwa kutentha kwa mwezi wa Disembala kutha kumupha m'kanthawi kochepa.

Palinso mchitidwe wopereka mwana wa galu ngati mphatso. M'chaka cha 1978 bungwe la ku Britain lomwe tsopano limatchedwa Dogs Trust lidayambitsa uthenga wokumbutsa anthu kuti galu ndi wosunga moyo wake wonse, osati wa Khrisimasi yokha, litaona kuti agalu ambiri operekedwa ngati mphatso amatayidwa zikondwerero zikatha. Galu amatha kukhala ndi moyo zaka zoposa khumi, ndipo nthawi yonseyo amafuna chakudya, katemera ndi malo.

Kuno ku Malawi, bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals (LSPCA), lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2008, lakhala likulimbana ndi malonda a ana agalu m'mbali mwa misewu. Tiagalu totere nthawi zambiri timachotsedwa kwa make tisadakwane masabata asanu ndi atatu, timakhala padzuwa tsiku lonse ndipo sitikhala ndi umboni wa katemera, zomwe zimaika pachiswe banja lomwe lagula.

Akuluakulu adati kupewa kumaposa kuchiza. Banja lomwe labayitsa galu wake, lamukonzera pobisala ndipo lasunga makombo a phwando patali, ndi lomwe lingalowe m'chaka chatsopano mlonda wake ali wathanzi komanso ana ake ali otetezeka.