Vanguard ndi Easy Anti-Cheat: Pamene Update Yatseka Masewera

Wosewera Valorant ndi wosewera Fortnite amakumana ndi tsoka lofanana. Update yatha bwinobwino, koma masewera akukana kutseguka, ndipo pasikirini pali kabokosi kodandaula za pulogalamu yoletsa kubera. Ku Valorant pulogalamuyo ndi Vanguard, imene Riot Games inatulutsa pamodzi ndi masewerawo mu 2020, kenako n'kuifikitsa ku League of Legends mu 2024. Ku Fortnite kuli Easy Anti-Cheat, yochokera ku kampani ya Kamu ya ku Finland imene Epic Games inagula mu 2018, ndipo imalonderanso Apex Legends ndi Elden Ring.

Zonse ziwiri zimalowa mu kernel, mkatikati mwa Windows, chifukwa akatswiri obera amabisa zida zawo momwemo. N'chifukwa chake kusintha kwakung'ono kwa Windows kumatha kuzisokoneza zonse. Zimasiyana pa nthawi yodzuka. Vanguard inakonzedwa kuti izidzuka kompyuta ikangoyaka, ngati mlonda wogona pachipata. Easy Anti-Cheat imabwera masewera akamatsegulidwa, n'kuchoka akatsekedwa.

Kusiyana kumeneku ndi kumene kumakuuza kokafuna vuto. Vanguard ikalandira update, kawirikawiri imafuna kuti uzimitse kompyuta n'kuyatsanso, pakuti dalaivala yake, vgk.sys, iyenera kukhalapo kuyambira pachiyambi. Ukaitseka wekha pa kachizindikiro kake kali pafupi ndi wotchi, Valorant sitseguka mpaka utayatsanso makinawo. Easy Anti-Cheat ikavuta, mankhwala amakhala pafupi: m'foda ya masewerawo muli kafayilo koikira pulogalamuyi, ndipo m'masewera ambiri ukakatsegula umapeza batani la Repair Service. Zikakanika pamenepo, umauza Steam kapena Epic Games Launcher kuti ifufuze mafayilo onse, ibwezeretse owonongeka. Ngakhale uthenga wa vuto wotchuka wa 30005 nthawi zambiri umangotanthauza kuti pulogalamu ina, mwina antivirus, yagwira fayilo imene mlondayu akufuna.

Vanguard imatha kukutumiza kutali kuposa apo. Pa Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi Secure Boot, ndipo zikasowa umaona uthenga wa VAN9001 kapena VAN9003. Zimenezi sizikonzedwa mkati mwa Windows. Uyenera kulowa mu BIOS, kudina F2 kapena Delete kompyuta ikungoyaka, n'kumafufuza ndi makiyi a mivi dzina limene wopanga makinawo anasankha: pa Intel TPM imalembedwa PTT, pa AMD fTPM. Apa ndimamumvera chisoni wachinyamata amene anangofuna kusewera ndi anzake madzulo, chifukwa ngati Windows yake inaikidwa mwa njira yakale ya Legacy, kusintha kuti Secure Boot igwire kungachititse kompyuta kukana kuyaka mpaka atabweza zimene wasintha.

Komabe tisafulumire kunena kuti Easy Anti-Cheat ndi yofatsa. Mu 2024, Windows 11 ya 24H2 itatuluka, Microsoft inaimitsa update imeneyi pamakompyuta ena a Intel chifukwa madalaivala akale a Easy Anti-Cheat ankagwetsa makina onse, sikirini n'kuchita buluu. Wosewera analibe chokonza yekha. Ankadikira kuti eni masewera atumize dalaivala yatsopano. Apa mpamene kufalikira kwa Easy Anti-Cheat kumasanduka chofooka. Vanguard ili m'manja mwa kampani imodzi imene imakonzera osewera ake onse pamodzi, pamene Easy Anti-Cheat ili m'masewera ambirimbiri, ndipo mwini aliyense amaikamo mtundu watsopano pa nthawi yake.

Riot imati kudzuka msanga kwa Vanguard kumathandiza kugwira chida chobera chimene chinalowa masewera asanatsegulidwe, ndipo mfundoyi ndi yomveka. Omwe amadandaula kuti pulogalamu ya masewera isamakhale maso pamene iwo akulemba kalata kapena kulowa ku banki pa intaneti nawonso sakulakwa. Wina akuteteza chilungamo cha mpikisano, wina akuteteza ufulu pa kompyuta imene anagula yekha.

Pa Linux mkangano womwewu umaoneka poyera. Vanguard sigwira ntchito kumeneko, choncho Valorant kulibe. Easy Anti-Cheat inatsegula njira mu 2021, koma inasiyira eni masewera kusankha. Elden Ring imaseweredwa pa Steam Deck, chipangizo choyendera Linux, pamene Apex Legends, imene inkalola, inatseka khomo mu 2024 ponena kuti obera ankadzera kumeneko.