Mbuzi m'munda wa chinangwa, chikwanje m'manja

Alimi anzanga, kuno ku Chintheche sitikolola n'kusiya munda uli mbee monga achitira anzathu olima chimanga ku Dowa kapena ku Kasungu. Chinangwa chimakhala m'munda chaka chathunthu, china mpaka miyezi 18, ndipo timazula pang'onopang'ono pamene tikufuna kuviika kuti tipeze ufa wa kondowole. Choncho kuno kulibe nyengo yomasula ziweto kuti zizidya paliponse. Mbuzi ikadula chingwe, kaya ndi Januwale kaya ndi Okotobala, imakathera m'munda wa munthu, ndipo milandu yambiri imene ndaimva pabwalo la amfumu ndi ya mbuzi ndi malire.

Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi n'kumiza msipu wa m'mphepete umene ziweto zinkadalira. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mbuzi zisanu za mnansi wanga zili m'munda wanga wa Gomani wa miyezi inayi, zikubudula masamba ndi kusenda makungwa. Kanali kachitatu. Ndinamva kutentha kuchokera m'mimba kufika m'makutu, ndipo ndinathamangira kunyumba kukatenga chikwanje. Sindinama, ndinafuna kuti mbuzi imodzi ibwerere kwao ndi miyendo itatu.

Pakhonde ndinapeza amalume anga, amene kuno timati asibweni, akusoka ukonde. Anangondiyang'ana kamodzi.

"Iwe mphwanga, tandibwereka chikwanjecho ndiduleko chingwe ichi."

Munthu sukaniza asibweni ako chikwanje. Ndinawapatsa, iwo n'kuchiika pansi pa ntchafu. Ndinayamba kulongosola mokweza mawu, koma anandidula.

"Zadya mizere ingati?"

"Munda wonse, asibweni!"

"Munda wonse si nambala. Pita ukamange mbuzizo pamthunzi, usazimenye, uzipatse madzi. Uitane munthu mmodzi woti akhale mboni, muwerenge mizere ndi mapando othyoka. Ukatero ubwere undiuze."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Kugwira mbuzi zisanu wekha si masewera, ndipo pomwe ndinkamaliza kuwerenga ndi mboni yanga, dzuwa linali litakwera. Mizere yoonongeka inali 14. Munda wanga uli ndi mizere yoposa 100. Mkwiyo unali ukadalipo, koma tsopano unali wa mizere 14, ndipo manja anali atasiya kunjenjemera.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti zimene anachita asibweni n'zimene ophunzira amalangizanso. Katswiri wina wa ku America, John Gottman, amene anafufuza kwa zaka zambiri za mikangano ya m'banja, anapeza kuti mtima ukamagunda koposa ka 100 pa mphindi, munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi libwerere m'malo. Anachenjezanso kuti nthawi imeneyo isathere pobwereza m'mutu zimene wakulakwirayo wachita, chifukwa kutero n'kusonkhezera moto. Asibweni sanandiuze kuti "khazika mtima pansi", mawu amene amangoonjezera ukali. Anandilanda chida n'kundipatsa ntchito yofuna mutu.

Madzulo ake sindinapite ndekha kwa mwini mbuzi. Tinatuma mkulu wina kukanena kuti mbuzi zili kwathu, zili bwino, ndipo nkhani tikakambe kwa amfumu. Achinyamata amati kutuma munthu n'kutaya nthawi. Inde n'kutaya nthawi, ndipo ndiyo ntchito yake. Mawu oyaka akadutsa pakamwa pa munthu wachitatu amafika atazizira.

Palinso china chimene ndinachiiwala m'mawa uja. Mkazi wa mnansi wangayo ndi msuweni wa mayi a kunyumba kwanga, ndipo mwana wanga amapita ku usipa pa bwato la mchimwene wake. Mzungu wina, Jaap van Velsen, anakhala pakati pa Atonga a m'mbali mwa nyanja ino m'zaka za m'ma 1950, ndipo m'buku lake la mu 1964, The Politics of Kinship, anaonetsa kuti kuno ubale ngwolukanalukana kotero kuti mkangano sukhala wa anthu awiri okha. Chikwanje changa chikanadula mwendo wa mbuzi, chikanadulanso malo a mwana wanga pa bwato lija.

Pabwalo ndi pamene ndinayesedwa kwenikweni. Onse tinakhala pansi, aliyense kuyankhula nthawi yake, kuyang'ana kwa amfumu osati kwa mnzake, osaloza chala. Mnansi wanga atapatsidwa mpata anati chinangwa changa chinali chonyozoloka kale, mbuzi zake zangondithandiza kupeza ponamizira. Anthu ena anaseka. Kutentha kuja kunabweranso. Ndinamva dzanja la asibweni pabondo panga, lolemera ngati mwala. Ndinayang'ana pansi, ndinapuma kangapo, ndipo nthawi yanga itakwana ndinangoti: "Ada, mizere ndi 14, mboni ndi awa, ndipo aka n'kachitatu. Mbuzi zanu mwazilandira zamoyo ndi zokhuta."

Amfumu anagamula kuti andipatse mitolo ya mbewu ya chinangwa yobwezeretsa pamene panathyoka, kamsoti kamodzi ka mbuzi, ndiponso kuti amange khola mwezi usanathe. Ndinaonapo pabwalo lomwelo munthu amene anatema mbuzi ya mnzake m'munda mwake. Anabwera ngati wodandaula, anachoka ali wolipira, ndipo anachita mwayi kuti nkhani sinafike kupolisi, pakuti kuvulaza chiweto cha mwini ndi mlandu ngakhale chikhale chakudyera mbewu.

Koma pano ndisiyane pang'ono ndi ena amene amayamikira munthu wongokhala chete. Kudekha si kumeza nkhani. Ndikudziwa alimi amene mbuzi zikawadyera amangoti "palibe kanthu, ada", akumwetulira, koma mumtima akusunga. Pakapita chaka mwana akadwala malungo, mpamene umamva kuti uje ndi mfiti, anayambira pa mbuzi zija. Kumeneko ndiye kupasula mudzi, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Akulu anati mlandu suola. Ine ndimamva mwambiwu pawiri: ungathe kuudikiritsa mpaka mawa mtima utatsika, komanso ukaukwirira osaukamba udzautulukira uli wamoyo. Ngati ndi za malire, lamulo la malo a makolo la mu 2016 linakhazikitsa mabwalo oweruza nkhani za malo kuyambira kwa mfumu yaikulu, kotero kokadandaula kulipo.

Mbewu ija ndinabzala mvula itayamba, ndipo inaphuka bwino. Ndi mnansi wanga timapatsana moni, ngakhale sitinayambe kudyera mbale imodzi. Khola anamanga, koma chitseko chake n'cha bango, ndipo ndimachiyang'ana ndikamadutsa. Chikwanje changa chinakhala kwa asibweni sabata yathunthu. Nditapita kukachitenga anati anali asanamalize kudula chingwe chija.